Dayisi Ikagwa, Yagwa

Mzime anali atavala kale nsapato pamene amayi ake anamuitana pabalaza. Anapeza achimwene ake atakhala pampando wa malemu bambo awo, makiyi a galimoto ali pabondo. Atangoona makiyiwo anadziwa kuti nkhani yakambidwa kale iye kulibe, ndipo amuitana kuti adzangomva chigamulo.

"Achimwene ako akuperekeza," anatero amayi, maso ali pa malaya amene ankasokerera batani.

"Amayi, basi ilipo. Si kutali."

"Sindinanene kuti mabasi atha mumsewu. Ndati akuperekeza. Akamuone ndi maso awo munthu wako wa zidoleyo."

"Si zidole, amayi. Ndi masewera a nkhani."

"Nkhani! Mwamuna wamkulu, ndevu mpaka m'khosi, Loweruka lonse kukhalira kusuntha tianthu tapulasitiki patebulo. Tsiku lija anabwera kudzakonza mawaya muno ndinamuyesa munthu. Mpaka tiyi ndinamupatsa, wamkaka. Osadziwa kuti dzanja lili pa waya, diso lili pa mwana wanga."

Panali patatha chaka ndi miyezi iwiri chichitikireni zimenezo. M'nyumbamo omukomera mtima ankamutchula kuti Wamagetsi, osamufuna ankati wa zidole. Amayi anali ndi wawo munthu mumtima: Wamankhwala, mwini sitolo ya mankhwala ya pakona, amene ankawabweretsera yekha mapilitsi a kuthamanga kwa magazi n'kukhala pabalaza ola lathunthu akufunsa za Mzime ngati akufunsa za nyengo. Mzime anali atamukana kawiri, mwaulemu, ndipo kawiri konse amayi anamuuza bamboyo kuti mwanayo ndi wamanyazi chabe.

"Ine sindikukayambana ndi munthu," anatero achimwene modekha. "Ndikakhala phee, ndikaona. Ndikapeza kuti ndi mwamuna, ndidzakhala woyamba kumutsegulira geti. Ndikapeza kuti ndi mwana, nkhaniyi ithere pomwepo. Wamva, mlongo?"

"Ndamva."

Tisawaweruze msanga achimwenewa. Sanali munthu wankhanza. Chimwalirireni bambo, ndiwo analera Mzime mpaka kumaliza sukulu. Anali munthu amene amawerenga ngakhale kuseri kwa tikiti ya basi, ndipo sankanena kanthu asanaonetsetse. Vuto linali lakuti akangonena, amayi sankafunsanso wina.

Ali m'galimoto, Mzime analembera Wamagetsi uthenga foni ataibisa m'chikwama: "Achimwene akubwera nane."

Yankho linachedwa. Kenako linabwera: "Lero?" Patapita kamphindi: "Lero lenileni?" Ndipo pomaliza: "Palibe vuto. Koma ukawerenge pepala lako bwinobwino."

Pepala lanji? Anafuna kufunsa, koma achimwene anamuyang'ana pagalasi, iye n'kutseka chikwama.

* * *

Msonkhano wa masewera a patebulo unkachitika kamodzi pachaka, m'holo yaikulu yapansi yopanda zenera ndi limodzi lomwe. Pakhomo anawamanga kapepala kofiira pamkono n'kuwauza kuti wotuluka salowanso. M'katimo munali kutentha ngati m'thumba. Matebulo anali oposa zana, lililonse ndi nambala yake. Apa anthu ankamanga mizinda ndi timatabwa, apo ena ankakanganirana chilumba chojambula papepala ngati ndi malo amasiye. Bambo wina wa mimba yake anadutsa atavala chipewa chachitsulo, lupanga la katoni lili m'chiuno. Mayi wina anali atakodwa pachitseko ndi mapiko ake a nsalu, anzake awiri akumukoka.

Achimwene anaima, manja kumbuyo.

"Onsewa ali ndi kwawo?"

"Achimwene, chonde."

"Ndangofunsa."

Tebulo la Wamagetsi linali pakona penipeni, lozunguliridwa ndi chingwe, chifukwa okonza msonkhano ankaika pamenepo woyendetsa nkhani amene anthu amakonda kumuonerera. Iye atawaona anadzuka mofulumira n'kugwetsa mapensulo. Anali atavala malaya oyera amene Mzime anali asanawaonepo, makwinya a m'sitolo akuonekabe pamsana.

"Takulandirani, alamu," anatero, manja awiri atatambasula.

"Ulamu wayamba liti?"

"Pepani... achimwene."

"Sitinabadwe mimba imodzi. Mukati bambo zikwana."

"Inde, bambo."

Mzime anayang'ana pansi. Munthu amene ankatha kumuseketsa mpaka kutsamwa, lero lilime linali litamangika.

"Ndiye ndi amenewa?" anatero mawu ena okoma ngati uchi. "Mwatibisira nthawi yaitali, Mwininkhani wathu."

Anali mkazi wamtali, wooneka bwino, chisoti chagolide chapepala chili pamutu. Onse ankamutchula kuti Mfumukazi, chifukwa kwa zaka zisanu ankasewera ngati mfumukazi yankhondo patebulo limeneli, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika. Anamuyang'ana Mzime kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, n'kumwetulira, kenako anatembenuka n'kukonza kolala ya Wamagetsi ndi zala ziwiri, ngati munthu wokonza katani ya m'nyumba mwake.

Wachitatu anali bambo wachikulire wadazi, Aphunzitsi, amene anapuma ntchito kalekale. Anagwira dzanja la Mzime n'kuligwedeza nthawi yaitali.

"Mwana wanga, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Wasankha wamagetsi, uzolowere kugwidwa shoko."

Achimwene anafuna kuima kumbuyo kwa mpando wa mlongo wawo, koma lamulo linali lakuti m'kati mwa chingwe mumakhala osewera okha. Wosewera wachinayi anali atadwala, mpando wake unali wopanda munthu.

"Ndiye ndikhala," anatero achimwene. Anakhala kumanja kwa Mzime. Kumanzere kwake kunali khoma, kumbuyo kwake chingwe ndi anthu oonerera.

Wamagetsi anayendetsa kadengu kuti aliyense aikemo foni. Kenako anafotokoza malamulo, maso akuthawa nkhope ya achimwene. Aliyense alandira pepala lomuuza kuti m'nkhanimo iye ndi ndani. Mwininkhani, amene ndi iyeyo, anena zimene zikuchitika, wosewera anena zimene akufuna kuchita, ndipo dayisi igamula ngati zatheka. Palibe wodzuka nkhani isanathe, kupatula kupuma kumodzi kwa mphindi khumi. Mwininkhani sauza munthu zochita.

"Ndipo lalikulu pa onse?" anafunsa Aphunzitsi, chala m'mwamba ngati ali m'kalasi.

"Dayisi ikagwa, yagwa!" anayankha oonerera onse pamodzi.

Wamagetsi anaika m'dzanja la Mzime dayisi yobiriwira, kamwala kapulasitiki ka mbali makumi awiri, mbali iliyonse ndi nambala yake. Zala zake zinali zozizira. Mapepala atagawidwa, achimwene anatenga lawo n'kuliwerenga, anatenganso la Mzime, analiwerenga, analitembenuza, anakhala nalo kanthawi, n'kulibweza chete. Iwo anali Mlonda. Mzime anali Wamaloko, mkazi wodziwa kutsegula chitseko chilichonse. Pamwamba pa pepalalo panali chithunzi chojambula ndi pensulo, mkazi wa makiyi m'chiuno, wokhala ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ndendende ngati kake. Anamva nkhope ikutentha, ndipo anaphimba chithunzicho ndi chikhatho.

* * *

Nkhani itayamba, munthu uja anasintha. Chibwibwi chinatha. Mawu ake anatsika, anakhala akuya, ndipo phokoso la holo yonse linakhala ngati labwerera m'mbuyo.

"Mwatsika masitepe zana limodzi pansi pa nsanja yakale. Nyali yanu ikuphethira. Mwangolowa m'chipinda chomaliza, ndipo kumbuyo kwanu chitseko chamwala chagwa, guu! Mwakhala chete. Kenako mukumva kanthu kozizira kakukhudza zala za kumapazi. Ndi madzi. Akulowa pansi pa khoma."

Aphunzitsi, amene anali sing'anga wamantha m'nkhanimo, anakweza miyendo yawo pampando. "Ine ndinanena kuti tisatsike! Ndili ndi ana kunyumba!"

Anthu anaseka. Mfumukazi analamula uyu ndi uyo ngati anabadwira m'chipindamo. Mzime ankalankhula pang'ono, akuopa kulakwitsa, koma ankaba maso kuyang'ana achimwene. Kwa theka la ola anangokhala atapinda manja. Kenako, madzi a m'nkhani atafika m'mawondo, anatsokomola.

"Chitsekocho, chagwa kuchokera pamwamba kapena chatsetsereka cham'mbali?"

"Kuchokera pamwamba, bambo."

"Ndiye pali unyolo penapake. Mlonda akufufuza padenga."

"Ponyani dayisi."

Anaponya. Inagwa pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Unyolo unapezeka, ngakhale unali woduka, ndipo oonerera anawomba m'manja. Pakona pa mlomo wa achimwene panagwedezeka kanthu kamene munthu wosawadziwa sakanakaona. Mzime anakaona. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anapuma mpweya wokwanira.

Nthawi yopuma itayandikira, Wamagetsi anawerama n'kutulutsa pansi pa tebulo kabokosi kathabwa, kosalala, kokhala ndi loko wamkuwa. Anakaika pakati penipeni.

"Pamwala wa pakati pa chipinda pali bokosi. Njira yotulukira ili m'menemo. Tipume kaye."

* * *

Kuchimbudzi cha akazi kunali mzere wautali m'kanjira kopapatiza. Mzime atangoima, anamva fungo la perefyumu kumbuyo kwake.

"Musandione choncho, achemwali, ine sindiluma," anatero Mfumukazi, akukonza chisoti chake pagalasi la pakhoma. "Mwakhala naye nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka ndi miyezi iwiri."

"Aa, chikadali chikondi chakhanda. Sichinamere ndi mano omwe."

Mzime anayang'ana mzere. Kutsogolo kunali anthu asanu ndi mmodzi, kumbuyo mzere unali utatseka njira.

"Mabokosi aja amapanga yekha, mukudziwa? Chaka chilichonse limodzi. Mwambo wathu ndi wakuti wotsegula ndiye mwini zam'kati. Kwanga alipo anayi pashelefu. Limodzi munali kiyi wakale, lina kalata yopsereza m'mbali. Ndimawapukuta Lamlungu lililonse."

"Muli ndi nthawi."

"Ndili ndi zaka zisanu," anatero Mfumukazi, kumwetulira kutachoka. "Amayi ake atamwalira, ndine ndinkamukakamiza kudya. Inu munali kuti? Sindikukunenani, simunkamudziwa. Koma ndikufunseni: mukudziwa chimene amaopa kwambiri padziko lino?"

"Mundiuza, ndikuona."

"Kunenedwa kuti wakondera. Chaka china anamvera chisoni mnzake, anamulola kubweza dayisi. Tebulo lonse linamuthawa. Miyezi isanu ndi umodzi analibe osewera ena, anthu akumunena m'magulu onse. Ndinatsala ndekha, ine, tikusewera awiri ngati ana amasiye. Kuyambira pamenepo, ngakhale denga litayaka moto, iye sabweza dayisi. Si kwa ine, si kwa inu."

"Ine sindinabwere kudzapempha kukonderedwa."

"Zili bwino. Ndimangoti mumudziwe munthu wanu." Anamugwira paphewa pang'ono. "Tiyeni, mzere wayenda."

Mzime anasamba m'manja nthawi yaitali. Chimene chinamupweteka si mawu a mkaziyo ayi, koma kuti nkhani ya miyezi isanu ndi umodzi ija anali asanaimvepo.

* * *

Pobwerera anapeza oonerera achuluka. Mbiri ya bokosi inali itayenda, ndipo anthu anali atathithikana kuseri kwa chingwe, mafoni ali m'mwamba. Mzime anadzipanikiza kudutsa kumbuyo kwa achimwene n'kukhalanso pakona pake.

"Madzi afika m'chifuwa," anatero Wamagetsi. Thukuta linali litanyowetsa kolala ija. "Nyali yatsala pang'ono kuzima. Pakati panu pali mmodzi yekha wodziwa maloko." Anayang'ana Mzime. "Wamaloko, ndi nthawi yanu. Loko ameneyu kwa inu ndi wophweka. Nambala iliyonse yoposa imodzi itsegula."

"Ngakhale mbuzi ingaponye zimenezo," anatero Aphunzitsi. "Ponya, mwana wanga, ndisanamire ndi jekete yanga yatsopano."

Mzime anagwedeza dayisi yobiriwira ija m'manja awiri monga anaonera ena, n'kuiponya. Inagubuduka, inagunda kabokosi, inazungulira ngati ikuganiza, n'kuima.

Imodzi.

"Aaaa!" anatero oonerera.

Nkhope ya Wamagetsi inachita ngati yathiridwa phulusa. Anayang'ana dayisiyo, anayang'ana Mzime.

"Wamaloko... mwawerenga pepala lanu?"

Mzime anachotsa chikhatho pachithunzi n'kuwerenganso mwamsanga. Dzina, mphamvu, zida: makiyi khumi ndi awiri, chingwe, mpeni. Manambala ankavina m'maso mwake. Anthu onse aja ankamuyang'ana.

"Ndawerenga."

"Lonse?"

"Mwini, mukumuuza zochita?" anafunsa Mfumukazi mofatsa kwambiri.

"Ayi. Ndangofunsa."

"Dayisi ikagwa?" anakuwa wina kumbuyo.

"Yagwa!" linayankha khamu.

Mzime anatola dayisi yake n'kuifumbata, manyazi atamugwira. Ankaganiza kuti wangowononga masewera. Sanamvetse chifukwa chake munthu wamkulu akunjenjemera milomo chifukwa cha kabokosi. Anaona Wamagetsi akutsegula pakamwa, akuyang'ana mafoni aja, akuyang'ana achimwene. Achimwenewo anali atatsamira kutsogolo, zigongono patebulo, maso ali pa iye osaphethira.

"Ndi nthawi yanga," anatero Mfumukazi. "Ndikuliswa ndi nkhwangwa."

"Dikirani kaye..."

"Ndi nthawi yanga kapena si yanga, Mwini?"

Chokupizira mphepo cha padenga chinkangolira.

"Ndi yanu," anatero Wamagetsi ndi mawu aang'ono. "Koma bokosi ndi lolimba. Pafunika makumi awiri. Palibe china."

"Paja mwayi ndi mlongo wanga."

Anatulutsa dayisi yake yagolide, anaipsompsona, n'kuiponya mosasamala. Anthu amene anali pafupi anakuwa dayisiyo isanaime n'komwe. Makumi awiri.

Holo inagwedezeka. Aphunzitsi anamenya tebulo ndi zikhatho. Mfumukazi anatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba, kudikira kiyi. Wamagetsi anakhala ngati chipilala. Dzanja lake linapita m'thumba la malaya, linaima pamenepo, kenako linatuluka ndi kakiyi kamkuwa n'kukaika m'chikhatho chija.

Loko anati kwee. M'kati, pansalu yofiira, munali kapepala kopindidwa. Pansi pa kapepalako panali mphete. Si yapulasitiki ayi, si ya masewera. Inagwira kuwala kwa nyali za padenga n'kukubwezera m'maso mwa Mzime.

"Werengani! Werengani!"

Mfumukazi anatambasula kapepalako. Anawerenga mokweza.

"Iwe amene watsegula bokosi ili: nkhani zonse ndimayendetsa ndekha, koma iyi sindingaithe ndekha. Kodi ulola kukhala mkazi wanga?"

Munalibe dzina m'kapepalamo. Wolembayo sanaone chifukwa cholembera dzina, poti anali atakonza nsanja yonse, madzi onse, ndi loko yemwe, kuti wotsegula akhale mmodzi yekha.

Sitinganene ngati Mfumukazi anakhulupirira kuti mawuwo anali ake. Mwina anadziwa zonse. Mwina munthu amene wadikira zaka zisanu, chinthu chikagwera m'manja mwake, safunsa kuti chachokera kuti. Chimene anthu onse anaona n'chakuti anayang'ana Mzime kamodzi, mwachidule, kenako anakankhira mpheteyo pachala chake mwamphamvu mpaka inadutsa mfundo.

"Ndalola," anatero. Misozi inali yeniyeni.

Phokoso limene linabuka linameza chilichonse. Mzime anaona pakamwa pa Wamagetsi pakunena kuti "ayi, ayi," koma anthu anali atalumpha kale chingwe, akumumenya pamsana, akumukankhira kwa mkazi wa chisoti. Aphunzitsi okha ndiwo anasiya kuseka. Anayang'ana chithunzi cha papepala la Mzime, anayang'ana mano ake, n'kugwira pakamwa.

Mzime anafuna kudzuka, koma mpando wake unali utapanikizika pakati pa khoma ndi miyendo ya anthu. Anakankha, sunasunthe. Anakhala pamenepo, pamtunda wa mkono umodzi kuchokera pa mphete yake, akuonerera anthu akuijambula ili padzanja la wina.

Achimwene anadzuka mosapupuluma. Anatenga mafoni awiri m'kadengu, anakoka mpando wa mlongo wawo ndi dzanja limodzi.

"Tiye."

* * *

Mzime anakhala kumpando wakumbuyo. Sanafune kukhala pambali pa achimwene. Panja dzuwa la masana linali likuswa mtengo, ndipo magalimoto anali pamzere wautali wopita pachipata, pamene mlonda ankakweza mtengo wotchinga kuti ituluke imodzi imodzi.

Anali atatuluka ndi zinthu ziwiri osadziwa: dayisi m'dzanja lamanja, pepala lokwinyika m'dzanja lamanzere. Analiyala pabondo kuti aling'ambe. Mphepo ya pazenera la achimwene inalitembenuza.

Kuseri kwake kunali mizere itatu yolembedwa ndi cholembera, m'zilembo zimene ankazidziwa ngati zake: "Luso lobisika la Wamaloko. Ukalephera, uli ndi ufulu woponyanso kamodzi, ndipo nambala iliyonse itsegula. Ungonena kuti, Ndikuponyanso."

Anawerenga kawiri. Kenako anakumbukira manja amene anatembenuza pepalalo masewera asanayambe.

"Achimwene. Munaona izi?"

"Ndinaona."

"Ndiye munadziwa?"

"Za mphete ayi. Koma ndinadziwa kuti bokosilo ndi lako. Ngakhale wakhungu akanaona."

"Bwanji simunandiuze? Munali pompa, phewa ndi phewa!"

Galimoto inasuntha pang'ono n'kuimanso. Achimwene anayankha akuyang'ana kutsogolo.

"Ndinati ndikakhala phee, ndikaona. Ndipo ndaona. Ukhulupirire usakhulupirire, mlongo, ndinali nditayamba kumufunira zabwino. Nkhani amaitha, mutu uli nawo. Dayisi itagwa ndinamuyang'ana, ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Mawu awiri anali okwanira: tembenuza pepala. Kapena kuika dzanja pabokosi n'kunena kuti masewera aima. Anali ndi kiyi m'thumba mwake, Mzime. Palibe anamulanda. Anapereka yekha."

"Inunso mawu awiriwo munali nawo."

"Ine si amene ndikufuna kukukwatira."

Mzime anafinya pepalalo m'dzanja. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti sanapeze bodza m'zimene ananenazo. Munali nkhanza, koma bodza munalibe.

"Munthu wokonza zonsezi, kupala thabwa, kujambula nkhope yanga, si mwana," anatero potsiriza.

"Sindinanene kuti sakukonda. Ndikunena kuti anaopa kusekedwa ndi anzake kuposa kukutaya. Lero ndi dayisi. Mawa adzakhala abale ake, mkuja abwana ake. Iwe udzakhala pakona, ukudikira kuti alankhule."

Foni ya achimwene inalira, ndipo mawu a amayi anadzaza galimoto yonse.

"Zoona zimene andionetsa azakhali anu pafonizi? Wafunsira mkazi wina mwana wanga ali pomwepo? Pamaso pa dziko?"

"Tikubwera, amayi. Tidzakamba."

"Palibe chokamba! Mulungu watiululira yekha. Bwerani msanga, Wamankhwala ali pano, wabwera ndi mapilitsi anga. Ndamuuza kuti asachoke."

Foni inaduka. Kutsogolo kunatsala magalimoto awiri.

Pamenepo wina anagogoda pagalasi. Anali Wamagetsi, akupuma mwawefuwefu, malaya oyera aja atatuluka m'buluku, kapepala kofiira ka pamkono katang'ambika. Mzime anakoka chotsegulira chitseko. Sichinatseguke. Anakokanso. Achimwene anali ndi ana aang'ono, ndipo zitseko zakumbuyo anazikonza kuti zizitseguka ndi kunja kokha. Galasi nalo linatsika pang'ono chabe, mpata wa zala zinayi, n'kuima.

"Mzime, inali yako! Ukudziwa kuti inali yako!"

"Ili kuti?"

"Yakana kuchoka pachala chake. Tayesa ndi sopo, chala chatupa. Akuti mpaka kwa wosula mphete Lolemba, ndipo akuti..." Anayang'ana pansi. "Akuti ndimuperekeze."

"Wawauza anthu aja kuti si yake?"

"Ndimati ndinene, koma phokoso... ndipo akulira, Mzime, pamaso pa anthu onse aja. Ndinena. Ndikulonjeza ndinena."

Galimoto yakutsogolo inadutsa. Inatsala imodzi.

"Chitsekochi chimatseguka ndi kunja," anatero Mzime, nkhope ataigunditsa pagalasi. "Tsegula."

Dzanja la Wamagetsi linafika pachogwirira. Linachigwira. Kenako maso ake anapita kwa munthu amene anali pachiwongolero.

"Bambo... ndingatsegule?"

Achimwene sanayankhe. Sanakhome chitseko, sanayendetse galimoto. Anangoyang'ana kutsogolo, milomo ikuyenda pang'ono, ndipo Mzime anadziwa kuti akuwerenganso mpaka khumi.

"Usawafunse iwo," ananong'ona. "Ndakuuza ndine."

"Sindikufuna kuwalakwira kawiri tsiku limodzi. Bambo, chonde, mawu amodzi okha..."

Galimoto yotsala ija inadutsa, mtengo wa pachipata unakweranso. Wakumbuyo analiza hutala. Achimwene anatulutsa mpweya wautali n'kuponda mafuta pang'onopang'ono, ndipo chogwirira chinapulumuka m'zala za Wamagetsi.

Mzime anayang'ana dayisi imene inali itadinda chikhatho chake. Sanadziwe ngati akumukhululukira kapena akumubwezera katundu wake. Anaikankhira pampata wa galasi uja.

"Ndikuponyanso!" anakuwa.

Inagwa pansi, inadumpha kawiri, n'kugubudukira m'mbuyo pakati pa magalimoto. Wamagetsi anaithamangira ngati munthu wothamangira moyo wake. Mzime anatembenuka, mawondo pampando, kuyang'ana pagalasi lakumbuyo. Anaona dayisi ikuima pafupi ndi nsapato zazitali zagolide. Mfumukazi anali atatuluka m'holo, khamu la mafoni likumutsatira. Anaona Wamagetsi akufika, akugwada bondo limodzi pansi kuti aitole, ndendende pamapazi a mkaziyo. Anaona dzanja la mphete likutsika n'kukhala paphewa pake. Ngakhale anali atadutsa kale chipata, kukuwa kwa anthu kunamveka.

Achimwene anakweza maso pagalasi loonera kumbuyo, anayang'ana kanthawi, n'kukhotera mumsewu wopita kunyumba.

"Chimene chinasowa pa zithunzi zija ndi kugwada," anatero. "Tsopano achipeza."